Ndikamukalipira mwana wanga ndimamva mawu a azakhali pakamwa panga

Funso lachokera kwa mayi wa ku Mufakose: "Ndili ndi zaka 34, ndinabadwira konkuno ku Harare koma agogo anachokera ku Dedza. Mayi anamwalira ndili ndi zaka 8, bambo anali atalowera kale ku Joni osabweranso, ndiye ananditenga ndi azakhali ku Mbare. Anandilera, fizi analipira mpaka Form 4, sindingakane. Koma wantchito wa pa nyumbapo ndinali ine, kudzuka 4 koloko kukolopa, kudya pomaliza, kumenyedwa ndi mthiko, ndipo mawu oti amako anafa ndi uhule wawo ndinkawamva pafupifupi sabata iliyonse. Pano mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 8, akangotaya tiyi ndimamukalipira mpaka amanjenjemera, kenako ndimakadzitsekera m'bafa kulira. Abambo akunyumba akangokhala chete ndimaona ngati akufuna kundithamangitsa. Ndaona pa TikTok za inner child, akuti uziyankhula ndi mwana wa mkati mwako. Zimathandizadi? Si zamizimu? Kutchalitchi akuti ndingokhululuka basi. Kapena ndipite ndikawafunse azakhaliwo?"

Achemwali anga, ndiyambire pa chinthu chomwe mwachilemba mongodutsa koma ine chandigwira mtima. Mwana wanu ali ndi zaka 8, inunso munali ndi zaka 8 pomwe munatengedwa kupita ku Mbare. Pa ntchito yathu ya uphungu izi timaziona pafupipafupi, munthu amakhala zaka zambiri ali bwinobwino, wamanga banja, akugwira ntchito, akuyimba kwaya, kenako mwana wake akangofika msinkhu womwe iye anapwetekedwa zonse zimadzuka ngati zachitika dzulo. Ndipo chifukwa chake sichovuta kumva. Tsiku ndi tsiku mukuona ndi maso anu kuti mwana wa zaka 8 ndi wamng'ono bwanji, timanja take, mano akutsogolo omwe angomera kumene, mmene amathamangira kwa inu magetsi akathima, ndiye mtima umawerengera wokha kuti kodi ine ndinali chonchi pomwe ndinkakolopa nyumba yonse anthu ali mtulo? Simukupenga ayi, ndipo si kuti ndinu mayi oyipa. Mayi oyipa sakadzitsekera m'bafa kulira atakalipira mwana, komanso salemba kalata ngati yanuyi.

Za mizimu ndiyankhe msanga kuti mtima ukhale pansi. Si zamizimu, palibe amene mukumuyitana, mulibenso kamunthu m'mimba mwanu kapena chiwanda chofuna mapemphero a usiku onse. Tikamati mwana wa mkati tikunena zomwe ubongo ndi thupi lanu zinaphunzira muli wamng'ono, mantha ake, manyazi ake, ndi timalamulo tomwe munadziikira kuti mupulumuke m'nyumba muja, zomwe mpaka lero zimadzuka n'kuyankhula m'malo mwanu inu musanaganize n'komwe. Timazipatsa nkhope ya mwana chifukwa kudzimvera chisoni wekha n'kovuta kwambiri, makamaka kwa munthu yemwe anakula akuuzidwa kuti azithokoza kuti wapatsidwa pogona. Koma mukamuona m'maganizo kamtsikana kakupala nkhoko m'poto anzake atadya kale n'kusamba m'manja, mtima umafewa wokha osaukakamiza.

Maganizowa sanayambire pa TikTok. M'zaka za m'ma 1950 dokotala wa zamaganizo Eric Berne ankaphunzitsa kuti munthu aliyense pena amayankhula ngati kholo, pena ngati wamkulu, pena ngati mwana, ndipo cha m'ma 1990 John Bradshaw wa ku America ndi yemwe anatchukitsa kwambiri nkhani ya inner child kudzera m'mabuku ndi pa TV. Ndikuuzeni zoona ngati munthu wa ntchitoyi, zambiri zomwe zikuyenda pa foni ndi dzina limeneli sizinayesedwepo mwa kafukufuku, ndipo ena akungogulitsa makosi a madola kwa anthu omwe akumva kuwawa, zomwe ine zimandinyansa. Komabe zilipo njira zochizira zomwe zili ndi umboni ndipo zimayenda pa mfundo yomweyi, monga schema therapy yomwe anayambitsa Jeffrey Young, ndi ina yotchedwa imagery rescripting, pomwe munthu amabwerera m'maganizo ku chinthu chakale koma ulendo uno akulowamo ali wamkulu wodzateteza mwanayo. Ndiye yankho langa ndi loti eya zimathandiza, bola zichitike mwadongosolo komanso zifike mpaka m'khitchini mwanu, zisamangothera m'maganizo.

Tsopano tikhale pang'ono pa kamtsikana kaja chifukwa mutu wa nkhani uli pomwepo.

Mwana sangadzisamale yekha, ndiye chinthu chachikulu kwa iye n'kukhala ndi wamkulu wothawirako. Mary Ainsworth, mmodzi mwa anthu omwe anatithandiza kumvetsa zimenezi, kafukufuku wake woyamba wa amayi ndi makanda anakachitira ku Uganda, m'midzi yapafupi ndi Kampala, mu 1954 ndi 1955, akuyendera amayi ndi makanda awo m'makomo. Anaona kuti khanda limakwawa kupita kukaona dziko, likachita mantha limabwerera pa miyendo ya mayi, mtima ukakhazikika limapitanso. Ndimakonda kuitchula nkhaniyi kwa anthu omwe amati izi n'zachizungu, chifukwa zinaonedwa pa amayi a kuno kwathu ku Africa. Makolo athunso anazidziwa kale pomwe ankati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Inu dambo lanu linauma muli ndi zaka 8, ndipo komwe munapitako wamkulu yemwe amayenera kuzimitsa moto ndi yemwe ankauyatsa. Mwana akakhala pa malo otere sangathawe, sangabwezere, alibe lenti yokakhala kwina, ndiye amachita chinthu chimodzi chomwe angathe, amaphunzira malamulo a nyumbayo n'kuwasunga mumtima. Ndisapemphe kanthu. Ndisatope. Chinthu chikatayika kapena kusweka ndiye kuti mthiko ukubwera. Wamkulu akakhala chete osayankhula ndiye kuti kunja kuipa posachedwa. Ndikasiya kukhala wothandiza anditaya. Ndipo loopsa kuposa onse, ngati akundichita zimenezi ndiye kuti vuto ndine, poti mwana kuvomereza kuti munthu yemwe akumupatsa nsima ndi amene walakwa n'koopsa kwambiri, bola adziimbe mlandu yekha kuti akhalebe ndi chiyembekezo choti ndikalimbikira kukolopa mwina andikonda.

Malamulo amenewa sanali opusa, anali anzeru zedi, ndi omwe anakufikitsani Form 4 muli moyo. Vuto ndi loti nyumba ija munachokamo kalekale koma thupi silinamve kuti munachoka. Tiyi akatayika pa tebulo maso anu amaona tiyi koma thupi limaona mthiko. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala komwe ntchito yake n'kuona zoopsa, ndipo kamafulumira kuposa mbali yomwe imaganiza modekha, ndiye mtima umayamba kugunda, adrenaline wathiridwa kale m'magazi, pakhosi pauma, inu musanakumbuke kuti apa ndi panu ndipo tiyi ndi wanu. Kukalipa kuja ndi mantha ofuna kuti vuto lithe msangamsanga chilango chisanafike, ndipo mawu omwe amakhala pafupi ndi a azakhali chifukwa pa nthawi ngati imeneyo ndi okhawo omwe munawamvapo. Abambo akunyumba akakhala chete ndi chimodzimodzi, mwina munthu wangotopa ndi mzere wa kombi kapena akuwerengera za fizi, koma kwa kamtsikana kaja chete ankatanthauza kuti konzeka.

Zoti ubwana owawa umatsata munthu mpaka kukula zinayesedwa bwino ndithu. Kafukufuku wa ACE, yemwe anatsogolera ndi Vincent Felitti ndi Robert Anda ku San Diego ndipo zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 1998, anafunsa anthu akuluakulu oposa 17,000 za zowawa za ubwana wawo, monga kumenyedwa, kunyozedwa, kugwiriridwa, kusasamalidwa, kukula ndi kholo lachidakwa. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali atakumanapo ndi chimodzi, ndipo zowawazo zikamachuluka chiopsezo cha matenda a maganizo, kumwa mowa mwauchidakwa ngakhale matenda a mtima chinkakweranso. Koma musawerenge zimenezi ngati chigamulo. Emmy Werner anatsatira ana 698 omwe anabadwa mu 1955 pa chilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atakula, ndipo mwa ana omwe anakulira m'mavuto aakulu pafupifupi mmodzi mwa atatu anakula bwinobwino, ndipo chinthu chomwe chinkaoneka mobwerezabwereza mwa iwo ndi choti panali wamkulu mmodzi, kaya gogo kaya mphunzitsi kaya neba, yemwe ankawaona ngati anthu. Ndiye ndikufunseni, wanu anali ndani? Mwina aphunzitsi omwe ankakusungirani buledi, mwina mayi a nyumba yoyandikana omwe ankakuyitanani kuti dzandithandize kusenda mbatata chonsecho akungofuna mudye. Mufufuzeni m'maganizo munthu ameneyu chifukwa timufuna kutsogoloku.

Ndisanafike pa zochita, ndinene za azakhali, poti ndikudziwa kuti mtima wanu ukukutsutsani kuti mukuneneza munthu yemwe anakulerani. Ife a kuno ochokera ku Malawi tili ndi mbiri yolemera. Agogo athu anabwera pa ulere ndi pa mthandizi, njira zomwe zinkabweretsa anthu aganyu kuno, kudzagwira m'mafamu ndi m'migodi, ambiri anasanduka matchona, ana awo anakula akutchedwa mabhurandaya, anthu opanda mutupo, chitupa cholembedwa kuti mlendo m'dziko lomwe anabadwiramo, kumudzi kothawirako kulibe. Kenako kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Edzi inali itafika poti pafupifupi wamkulu mmodzi mwa anayi alionse m'dziko muno anali ndi kachilombo, mankhwala kulibe, maliro sabata iliyonse, ana amasiye akugawidwa pa maliro pomwepo pamodzi ndi mabulangete ndi mapoto. Azakhali anu mwina anakulandirani ali ndi ana awo kale m'chipinda chimodzi, ndalama ikutha mphamvu, nawonso akulira m'bale wawo kapena akuopa kuti mawa ndi iwo, ndipo n'kutheka kuti nawonso analeredwa ndi mthiko omwewo. Zonsezi zikufotokoza koma sizikuchotsa mlandu. Zinthu ziwiri zitha kukhala zoona nthawi imodzi, anakulipirirani fizi ndipo anakuzunzani. Simukufunika kufafaniza chimodzi kuti chinacho chikhale choona, ndipo anthu ambiri omwe ndimakumana nawo amayamba kupeza bwino tsiku lomwe asiya kulimbana kuti asankhepo chimodzi. Timanena pa maliro kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma m'nyumba zambiri mwana wamasiye ndi amene amagona ku khitchini, ndipo tiyenera kumazinena poyera.

Ntchito yake ndi yotani tsono? Mwachidule, inu a zaka 34 mukhale wamkulu uja yemwe anasowa.

Choyamba n'kuphunzira kuugwira moto usanakule. Thupi limachenjeza, kwa ena nkhope imatentha, ena pachifuwa pamathina, ena manja amazizira. Kwa sabata zingapo musalimbane n'kusintha chilichonse, mungolemba m'kabuku kapena mu foni madzulo kuti lero zinandigwira nthawi yakuti, chinachitika ndi chakuti, thupi linachita chakuti, ndipo funso lalikulu, pa nthawi imeneyo ndinadzimva ngati wa zaka zingati? Mudzadabwa kuti yankho limabwera lokha. Mukayamba kuzindikira, tiyi akatayika ikani pansi chomwe chili m'manja, muuzeni mwana kuti ndikubwera, tulukani pakhomo, pondani pansi mwamphamvu, pumani motulutsa mpweya pang'onopang'ono kuposa mmene mukuukokera, ndipo mudziuze mumtima kuti pano ndi pa Mufakose, nyumba ndi yanga, palibe amene amenyedwe lero. Masiku ena mudzakwanitsa, ena mudzazindikira mutakalipa kale, zonsezo ndi mbali ya kuphunzira.

Kenako pali zokumana naye mwanayo, ndipo izi zimachitika pa nthawi ya bata, ana atagona, osati mkwiyo uli pamwamba. Sankhani chinthu chaching'ono chakale, osati choopsa kwambiri ayi, mwachitsanzo madzulo ena omwe munadya pomaliza. Khalani pa mpando, maso otseka kapena oyang'ana pansi, ndipo muone khitchini ija mmene inalili, utsi wa palafini, poto ali pansi, mbale za ena zitaunjikidwa zikudikira inu, kamtsikana katakhala pa simenti kakupala nkhoko ndi supuni mosamala kuti isamveke. Muyang'aneni wavala chani, tsitsi lake lili bwanji. Ndiyeno lowani pakhomo inuyo mmene muliri lero, ndi chitenje chanu ndi msinkhu wanu. Ngati miyendo ikukana kulowa nokha, lowani ndi munthu wabwino uja mwamukumbukira, kapena mayi anu. Gwadani mufanane naye, mufunseni kuti ukufuna chani. Yankho nthawi zambiri limakhala laling'ono moti limaswa mtima, ndikufuna ndiwo, ndikufuna ndigone, ndikufuna amama. Mupatseni m'maganizomo. Ndipo muuzeni zomwe palibe anamuuza: ndakuona, sunalakwe, ntchito izi si za mwana, amako sanali hule anadwala ngati mmene anadwalira anthu ambirimbiri, ndipo ankakukonda. Ngati azakhali atulukira m'maganizomo, imani pakati, auzeni mwaulemu koma molimba kuti mwanayu simumugwiranso. Kenako mutengeni mutuluke naye mupite naye kwanu. Yankhulani naye m'chiyankhulo chomwe mayi anu ankakutonthozerani, kaya Chichewa kaya Chishona, chifukwa ndi chomwe chimalowa mkati. Zonsezi mphindi 10 kapena 15 zakwana, mukatha tsegulani maso, tchulani tsiku la lero, sambani kumaso, imwani madzi.

Simukudzinamiza kuti zakale zinachitika mwina, mukudziwa bwino lomwe zomwe zinachitika. Chomwe chimasintha ndi tanthauzo lomwe linamatirira pa chikumbukirocho, lija loti ndine wachabechabe ndipo palibe adzabwere. Ena amalira kwambiri ulendo oyamba, ena samva kanthu, ena amapeza kuti akumuda kamwanako, akumuona ngati wauve kapena wopusa. Zikatero musachite mantha, amenewo ndi maso a azakhali omwe munabwereka, ndipo njira yake ndi kuyerekeza kuti wakhala pa simenti pajayo ndi mwana wanu wa zaka 8. Mungamusiye pamenepo? Ngati kuona zithunzi m'maganizo kumakuvutani lembani kalata kwa iye, kapena ikani chithunzi chanu cha kusukulu ngati chilipo pomwe mungamachione.

Koma mbali yomwe ine ndimailimbikira kwambiri, yomwe mavidiyo ambiri satchula, ndi ya masana. Mwana amakhulupirira zochita osati mawu. Mukamuuza usiku kuti ndiwe ofunika kenako m'mawa mwagawira aliyense mazira inu n'kumwa tiyi opanda kanthu mutaimirira, wamva kuti palibe chasintha. Ndiye pakulani mbale yanu pamodzi ndi za ena, nyama yanu ikhalepo, khalani pansi mudye. Mukatopa gonani masana Loweruka ngakhale mbale zili mu sinki, mtima udzagunda ngati mwaba, usiyeni ugunde mpaka uone kuti palibe chachitika. Wachibale akatumiza meseji kuti nditumizire pa EcoCash, m'malo moti eya wachangu uja yankhani kuti ndione kaye ndikuyankhani mawa. Mukadwala pitani ku kiliniki tsiku lomwelo ngati mmene mukanathamangira ndi mwana. Zikuoneka zazing'ono koma apa ndi pomwe malamulo akale amathyoka limodzi limodzi.

Za mwana wanu, apa mvetserani bwino chifukwa pali nkhani yabwino. Edward Tronick, yemwe anaphunzira kwambiri mmene amayi ndi makanda amamverana, anapeza kuti ngakhale pa mayi ndi mwana omwe ali bwinobwino, nthawi yomwe amakhala akumvanadi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, nthawi ina yonse amaphonyana n'kumakonza. Chomwe chimamanga mwana ndi kukonzako. Inu palibe anabwerapo kudzakonza, mthiko ukatha kunali zii mpaka mawa, koma mwana wanu atha kukhala ndi zina. Mukakalipa, mtima ukatsika, pitani pomwe ali, khalani pansi, muuzeni kuti ndinakukalipira kwambiri, ndinakuopseza, pepa mwanangu, kutaya tiyi si mlandu, vuto linali mkwiyo wanga osati iwe, tiye tipukute limodzi. Osawonjezera kuti komanso iwe uzisamala, zimenezo mudzamuphunzitsa nthawi ina. Osamuuzanso mbiri yonse ya ku Mbare kapena kulira pa phewa pake mpaka iye ayambe kukutonthozani, katundu ameneyo si wake. Anthu ena adzati kholo silipepesa mwana, udzamulowetsa chibwana, tonse tinamenyedwa ndipo tinakula bwino. Ine ndakhala ndi anthu ambiri omwe amati anakula bwino akulira pa mpando wa uphungu ali ndi imvi, ndiye mawu amenewo sindiwavomera. Ngakhale lamulo la maphunziro m'dziko muno linasinthidwa mu 2020 kuletsa kukwapula ana m'sukulu.

Abambo akunyumba auzeni tsiku lomwe muli pa mtendere, osati mkati mwa mkangano. Safunika kumva zonse tsiku limodzi, angomva kuti komwe ndinakulira munthu akakhala chete ndimadziwa kuti ndimenyedwa, ndiye mukakhala chete thupi langa limachita mantha, mukatopa mungondiuza kuti ndatopa chabe sindinakwiye nawe. Amuna ambiri chiganizo chimodzi chimenecho amachikwanitsa. Koma ngati chete wawoyo ndi chilango cha dala cha masiku, kapena pali kumenya ndi kuopseza, imeneyo si nkhani ya ubwana wanu, ndi nkhanza za lero, ndipo a bungwe la Musasa amathandiza amayi pa zimenezo.

Pali pomwe sindikufuna muchite nokha. Ngati m'nyumba muja munachitika zogwiriridwa, ngati mukamakumbukira mumaona ngati zikuchitikanso pompano, mumalota zoopsa, mumachita dzanzi ngati mwachoka m'thupi, kapena mwayamba kudalira mowa kapena mapilisi kuti mugone, siyani zobwerera m'maganizozo mpaka mutapeza katswiri woti muyende naye. Pa mabala akuluakulu otere bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa njira zochizira za uphungu monga trauma-focused CBT ndi EMDR, ndipo mutha kufunsa ngati munthu yemwe mwamupeza anaziphunzira. Chenjeraninso ndi aliyense, kaya phungu kaya mneneri, yemwe akukuuzani kuti pali zomwe munaiwala ndiye tizikumbe, chifukwa ubongo utha kupanga chikumbukiro cha zinthu zomwe sizinachitike munthu akamakakamizidwa, ndipo mabanja ena anapasuka nazo. Gwirani pa zomwe mukukumbukira kale, n'zokwanira. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha abwera, limenelo ndi tsiku louza munthu pompo ndi kupita kuchipatala, ku Annexe ya Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central, komwe ambiri timangoti ku Gomo, kuli madokotala a zamaganizo. Mukaona kuti dzanja layamba kupita pa mwana ndipo mukulephera kuliletsa, imbani 116 ku Childline, amalankhulanso ndi makolo.

Poyambira pafupi komanso paulere ndi Friendship Bench. Inayambira ku Mbare komweko komwe munakulira, mu 2006, ndi Dr Dixon Chibanda pamodzi ndi agogo 14, ndipo pano mabenchi ake ali m'makiliniki ambiri a mu mzinda muno. Agogowo anaphunzitsidwa kumvetsera ndi kuthandiza munthu kumasula mavuto limodzi limodzi, makamaka pa vuto lija m'Chishona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso. Pa kafukufuku yemwe anatuluka mu 2016, wa anthu 573 a muno mu Harare, patatha miyezi 6 omwe anakhala pa benchi pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi omwe anali adakali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pomwe mwa omwe sanakhalepo anali pafupifupi 50 pa 100. Agogowo sachita za mabala akuya a ubwana ngati mmene angachitire saikolojisiti, koma amadziwa kutumiza munthu patsogolo zikafunika, ndipo kwa munthu ngati inu kungokhala pansi ndi mayi wachikulire yemwe akumvetsera osakudulani, osakuuzani kuti muzithokoza, ndi mankhwala kale.

Zokhululuka sindikutsutsana ndi atchalitchi, koma ndikutsutsana ndi changu chawo. Kukhululuka kwa pakamwa komwe munthu amakakamizidwa asanaloledwe n'komwe kunena kuti ndinapwetekedwa, kumangokankhira mkwiyo pansi, ndipo umakatulukira pa mwana ndi tiyi wake. Munthu amakhululuka chinthu chomwe wachitchula dzina. Ndipo Aefeso 6 yomwe imati ana mverani akukubalani, pa vesi 4 imatembenukira kwa makolo kuti musakwiyitse ana anu, ndiye Mulungu yemwe mumamupembedza mbali ya mwana amaidziwa. Kukhululuka sikutanthauzanso kuti mwana wanu azikagona kwa azakhali pa holide, kapena kuti muziseka akamanyoza mayi anu.

Palinso maliro omwe simunalire. Mwana wa zaka 8 yemwe akuuzidwa sabata iliyonse kuti amako anafa ndi uhule saloledwa kuwasowa mayi ake poyera, amawabisa mumtima pamodzi ndi manyazi. Fufuzani anthu omwe ankawadziwa, amayi a chigwirizano kapena a mvano kutchalitchi komwe ankapemphera, a sosaite ya maliro, anzawo a pa msika, muwafunse kuti mayi anga anali munthu otani, ankaseka bwanji, ankakonda kuphika chani. Ngati manda akudziwika pitani, tengani mwana wanu adziwe kuti anali ndi agogo ndipo dzina lawo linali lakuti.

Kupita kwa azakhali musafulumire. Dzifunseni kaye kuti ndikukafuna chani kumeneko, ndipo ngati yankho ndi loti avomere ndi kupepesa, dziwani kuti achikulire ambiri amayankha kuti ndiwe osayamika, ndinakulera ine, kapena sindikukumbuka, ndipo mukapita bala lili laliwisi mubwerako mutapwetekanso kawiri. Kuchira kwanu sikukudikira pepani wawo, kutha kuchitika iwo osadziwa n'komwe. Yambani mwalemba kalata yomwe simutumiza, munene zonse osasefa, muiwerenge kwa phungu kapena mnzanu wapamtima. Patapita miyezi, ngati mtima ukufunabe, pitani kuti mukanene zoona zanu osati kukapempha chigamulo, mawu ochepa okha, monga munandilera ndipo ndikuthokoza, koma zomwe munkanena za mayi anga zinandipweteka ndipo sindikufuna kuzimvanso. Mupite ndi munthu yemwe ali mbali yanu, kaya amalume kaya abambo akunyumba, masana, ndalama ya kombi yobwerera ili m'manja kuti zikavuta mungonyamuka, ndipo isakhale pa maliro kapena pa ukwati pomwe abale onse asonkhana.